Mawu a NyaMoyo Amene Sindinamasulire

Ana anga, mutu uno ndaulemba katatu n'kumaung'amba. Mitu ina ija, ya kusekondale ndi ya ukwati wathu ndi mayi anu, inkangotsika yokha, poti munthu akamadziyamikira cholembera sichitopa. Uno wokha wandivuta. Mumandidziwa ngati bambo amene anamasulira m'khoti zaka zambiri osapezekapo ndi cholakwa, ndipo setifiketi imene anandipatsa popuma ntchito munaipachika nokha pabalaza. Setifiketiyo siinama, palibedi amene anandigwira. Koma pali tsiku limodzi limene ndinameza mawu a munthu, ndipo ndikufuna nkhaniyi muimve kwa ine mwini ndikadali moyo.

Chaka chimene zipani zinachuluka

Ndinatsika basi pa boma pa Mzimba mwezi wa Juni, ndili ndi sutikesi imodzi ndi jekete yopyapyala imene ndinkaiyesa yokwanira. Kwathu ku Kasungu kumazizira, koma kuzizira kwa Mzimba kunandiphunzitsa ulemu sabata yoyamba yomwe. Ntchito yomasulira m'khoti anandilemba chifukwa cha zinenero zitatu: Chichewa cha bambo anga, Chitumbuka cha mayi anga amene anali a kumpoto kwa Kasungu, ndi Chingerezi cha kusukulu chimene ndinkachinyadira mopitirira muyeso. Ndinali ndi matama, musandione kufatsa lero. Tayi ndinkavala ngakhale Loweruka, ndipo munthu akalakwitsa Chingerezi pamaso panga ndinkamukonza pomwepo, kaya ndi wamkulu kaya ndi mlendo.

Amene anandilandira ndi a Soko, womasulira wamkulu, madala a ku Manyamula amene Lolemba lililonse ankafika pa njinga fumbi lili mbuu m'nsidze. Kunja kwa khoti sankayankhula zambiri, ankati pakamwa pawo ndi pa boma. Tsiku loyamba anandiimika pafupi ndi bokosi la mboni, khoti lisanayambe, n'kundilozera tebulo la a majisitireti. "A Mwale, tamverani," anatero. "Bwana amene amakhala apo amalemba ndi dzanja, ndipo amalemba Chingerezi chokhacho chimene chatuluka m'kamwa mwanu. Zimene mboni yanena m'chinenero chake zimathera mumphepo. Mukawonjeza, mwamunamizira munthu. Mukachotsa, mwamutseka pakamwa. Mbwenu inu mukhale ngati paipi, madzi alowe uku atuluke uko." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinkati madalawa akundiuza zimene ndikudziwa kale.

Anandilamula kuti ndigule kope loti ndizilembamo mawu ovuta. Ndinagula lachikuto chofiira, ndipo ndikadali nalo. Masiku amenewo panali liwu limodzi la Chingerezi limene linali pakamwa pa aliyense, liwu loti intimidate. Andale ankalozerana nalo chala pa wayilesi m'mawa ndi madzulo, moti mpaka ogulitsa makala pamsika ankati apolisi akutipanga intimideti. Tsiku lina linatulukira m'khoti pa mlandu wa anyamata a zipani amene anakangana pamsonkhano. A majisitireti anafunsa mboni ngati inachitidwa zimenezo, ine n'kumasulira mofulumira kuti, "Kodi alipo anakuopsezani?" Ndinakhala pansi ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Khoti litaweruka a Soko anandiitanira pansi pa mtengo pamene ankatsamiritsa njinga yawo.

"Kuopseza n'koona, koma n'kochepa," anatero. "Woopseza amatsegula pakamwa, amati ndikumenya, ndikuwotchera nyumba. Liwu limeneli limatenganso munthu amene sananene kanthu. Galu wamkulu akagona pakhomo pamene mukufuna kulowa, sanauwe, sanakulumeni, koma inu mwabwerera. Ameneyo ndiye wakuchitani zimene liwuli likunena. Tsono mukamafunsa mboni muzitambasula. Muziti, kodi alipo wakuchititsani mantha mwa njira ina iliyonse, kaya ndi mawu, kaya ndi maso, kaya ndi kungobwera, kuti musiye chimene mumafuna kunena?"

Ndinalemba zonsezo m'kope n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Kuyambira pamenepo liwulo linakhala ngati langa. Ndinkakonza nalo apolisi, ndinkakonza nalo makalaliki, ndipo za galu uja ndinkazinena ngati ndinaziganiza ndekha. Ndikukuuzani izi kuti pa zimene zikubwerazi musadzati bambo sanadziwe. Pa boma ponse panalibe munthu wolidziwa liwu limeneli kuposa ine.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, nyengo yothyola fodya

A Soko anali atapuma, womasulira wamkulu ndinali ine. Ntchito inali ya mavuto. Mapepala ankatha, masamoni tinkalemba kuseri kwa mafomu akale. Riboni ya taipi tinkaibweza kangapo mpaka zilembo zinkaoneka ngati mapazi a nyerere. Galimoto inali imodzi, ndipo nthawi zambiri inkangokhala pabwalo kudikira mafuta. Ikayenda, tinkanyamula mafaelo kupita kukazengera milandu kufupi ndi anthu a kumwera kwa boma, m'chipinda chobwereka cha ku Jenda, chokhala ndi mabenchi asanu ndi zenera limodzi losatsekeka.

Chaka chimenecho kunabwera majisitireti watsopano, mayi wachitsikana wochokera kumwera kwa dziko. Dzina lawo sindilemba. Anali munthu wachilungamo, wosafuna zachidule, moti maloya ankadandaula kuti amafunsa mafunso ambiri. Chitumbuka sankachimva, ankangodziwa yewo, zikomo wa kumeneko, basi. Wapolisi wozenga milandu nayenso anali mlendo, wa ku chigwa cha kumunsi, ndipo Chitumbuka chinkamudutsa pamutu chimodzimodzi. Sabata yoyamba mayiwo anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti, "A Mwale, kuno ine ndine gonthi. Makutu anga ndinu." Ndinatuluka mu ofesimo phewa lili m'mwamba, ndipo madzulo ake ndinawauza mayi anu kawiri konse.

Mlandu umene ndikunenawu unachokera pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Champhira. Tenanti wina dzina lake Lufeyo anapita ku maliro a malume ake masiku awiri fodya akuthyoledwa. Atabwerako, kapitawo, amene anali mwana wa mwini esiteti, anamupeza m'chigafa choumitsira fodya n'kumumenya ndi mpini wa khasu m'mutu. Lufeyo anagona m'chipatala masabata angapo. Potuluka dzanja lamanja linali lolobodoka, ndipo akamayankhula mawu ankatuluka okokeka, osamveka bwino. M'chigafamo munali anthu ambiri tsiku limenelo, koma onse anati sanaone kanthu. Anatsala mkazi wake yekha, NyaMoyo, amene ankasoka fodya pomwepo. Iyeyo ndiye anayenda wapansi kukanena ku polisi, ndipo mlandu wonse unatsamira pa iye. Akanena zimene anaona, kapitawo amangidwa. Akakhala chete, mlandu watha.

Ndinamuona koyamba tsiku limene kapitawo anakana mlandu n'kupatsidwa belo. Anali mayi wamfupi, wa chitenje chothetheka, atamugwira mwamuna wake pa mkono kuti asapunthwe pa sitepe. Sankayang'ana pansi monga ankachitira anthu ambiri akumudzi akalowa m'khoti. A majisitireti anati umboni udzamvedwa pakatha masabata atatu, Lachitatu, ku Jenda.

Mwini esiteti uja ndimutchula a Chipewa, chifukwa cha chipewa cha khaki chimene sichinkachoka kumutu kwawo. Sanali munthu waphokoso. Pa maliro ankapereka lole yawo, kutchalitchi ankakhala kutsogolo, ndipo moni ankapereka kwa wina aliyense ndi manja awiri. Sindinamvepo kuti anamenya munthu ndi dzanja lawo. Nkhani zinalipo, zoti uje anatsutsana nawo chigafa chake n'kupsa, uje anawasumira n'kusamuka osatsanzika, koma zinkanenedwa chapansipansi, ndipo palibe imene inafikapo pa tebulo la khoti.

Lamulungu lake

Kutatsala masiku atatu, titangobwera kutchalitchi, ndinamva odi pakhomo. Nditatuluka ndinapeza a Chipewa ataima pabwalo, chipewa chili m'manja. Galimoto anali ataisiya kutali ku msewu n'kubwera wapansi. "Monire adada," anatero. "Ndimadutsa, ndiye ndati sindingapitirire osawaona a Mwale."

Mukudziwa mwambo wa kumeneko, umenenso ndi wa kwathu. Mlendo safunsidwa kuti wadzatani. Umamupatsa mpando, umafunsa za kumene wachokera, ndipo chimene wabwerera amanena yekha nthawi yake ikakwana. Ndinadziwa bwinobwino kuti bambo wa munthu amene mlandu wake uli m'khoti mwathu sayenera kukhala pakhonde panga. Ndikanatha kunena mwaulemu kuti pepani adada, tidzachezerana mlandu ukatha. Ndinatulutsa mpando wabwino uja wa ndalema, mayi anu anagwada kupereka moni n'kukateleka tiyi.

Anakhala pafupifupi maola awiri. Tinakamba za mvula, za feteleza, za denga la tchalitchi limene linkadontha. Ndinkangodikira kuti tsopano atchula mlandu, ndipo ndinali nditakonzeratu yankho lokhwima. Akanautchula mwina ndikanalimba, chifukwa kukana chinthu chimene munthu wapempha n'kosavuta. Koma sanautchule ngakhale liwu limodzi. Anayamba kufunsa za ana, aliyense ndi dzina lake, pamene ine ndinali ndisanawauzepo kuti ndili ndi ana angati. Iwe Tadala unali Sitandade 7 chaka chimenecho. Unatuluka ndi thireyi ya makapu, unagwada, n'kubwerera m'nyumba.

"Ameneyu ndiye Tadala," anatero a Chipewa akutakasa tiyi. "Ndimamuona m'mawa. Amadutsa kanjira kachidule ka m'mitengo ya paini kaja, eti? Anzake amazungulira ku msewu, iye amadutsa yekha. Mwana waulemu chomene. Mwalera bwino, adada."

Ananena akumwetulira, ndipo aliyense womva akanati n'kuyamikira. Ine ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo ndinaika kapu pansi. Ndinayankha kuti yewo. Tangoganizani, ndinathokoza. Atatsanzika ndinawaperekeza monga mwa mwambo, mpaka ku msewu, anthu onse a mu laini yathu akutiona tikuyenda limodzi ngati pachibale. Pa galimoto anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mumupatse moni Tadala." Anavala chipewa n'kumapita.

Tadala mwana wanga, sindikulemba izi kuti ndikusenzetse katundu. Kwa zaka zambiri dzina lako ndi limene ndinkabisalamo, ndinkadziuza kuti bambo aliyense akanachita zomwezo. Koma njira zinalipo. Lolemba ndikanalowa mu ofesi ya a majisitireti n'kuwauza kuti kwathu kunabwera mlendo. Ndikanapempha kuti mlanduwu amasulire mnzanga wina. Ndikanakutumiza ku Kasungu kwa azakhali ako mpaka zinthu zitazizira. Lolembalo ndinafikadi pa chitseko chawo, ndinakweza dzanja kuti ndigogode, kenako ndinadzifunsa kuti ndikanena kuti chiyani. Kuti munthu wamkulu anabwera kudzamwa tiyi n'kuyamikira mwana wanga? Ndinatsitsa dzanja n'kubwerera ku tebulo langa. Chimene ndinachita n'kukuperekeza kusukulu m'mawa uliwonse, n'kukukalipira kuti usadzadutsenso m'mapaini, osakuuza chifukwa chake.

Lachitatu, ku Jenda

Mvula inagwa m'mawa, ndipo m'chipinda chobwereka chija munali fungo la zovala zonyowa. Mabenchi onse anadzaza, ena anaima m'mbali mwa khoma. Ambiri anali anthu a pa esiteti ndi a m'midzi yozungulira. A Chipewa anakhala pa benchi yoyamba, chipewa chili pa bondo. Nditalowa ndi mafaelo anandigwedezera mutu pang'ono, ine n'kubweza.

NyaMoyo atalumbira, wapolisi anamufunsa kuti afotokoze zimene anaona m'chigafa. Mayi uja amene masabata atatu apitawo sankayang'ana pansi, tsopano maso anali pa zala za kumapazi. Ananena motsitsa kuti nkhaniyi akambirana kumudzi, akhululukirana, ndipo akupempha kuti mlandu uthe. Zimenezo ndinamasulira bwinobwino. A majisitireti anasiya kulemba. Anamuyang'ana NyaMoyo, anayang'ana Lufeyo amene anakhala kumapeto kwa benchi dzanja lili lende, kenako anatembenukira kwa ine. Anati lamulo limalola anthu kuyanjana, koma iwo sangathetse mlandu wotere asanatsimikize kuti mayiyu akunena mwa kufuna kwake. Ndiye anafunsa funso, ndipo m'funsomo munali liwu langa lija. Anati ndimufunse ngati alipo wamuchita intimidate.

Ndinaimirira. Funso lotambasula la a Soko linali m'mutu mwanga lonse, ndi mizere yake iwiri kunsi. Ndinkaona chipewa cha khaki m'mbali mwa diso. Ndinatsegula pakamwa n'kufunsa m'Chitumbuka kuti, "Amama, kodi alipo wakumenyani?" Basi. Za maso sindinatchule, za kungobwera sindinatchule. Ndinalichepetsa funsolo dala kuti yankho lake likhale ayi, ndipo kuti ayiyo akhale woona.

NyaMoyo anadzutsa mutu, osayang'ana ine koma a majisitireti, n'kunena momveka mpaka kumbuyo: "Kutitimba yayi, bwana. Kweni ŵakwiza zuŵa lililose kuzakatiwona." Ndiko kuti, kutimenya ayi, koma amabwera tsiku lililonse kudzationa.

Palibe munthu m'chipindamo amene anamva mawu amenewo kuposa ine. Ndinadziwa mpando umene a Chipewa ankakhalapo, ndinadziwa kumwetulira kwawo, ndinadziwa kuti ana a mayiyu ankawatchula mayina mmodzimmodzi. NyaMoyo ndinamupatsa kakhomo kakang'ono, iye anadzipanikiza n'kudutsamo ndithu. Chimene chinatsala chinali ntchito yanga yokha, kunyamula ziganizo ziwiri kuchoka pa bokosi la mboni kufika pa tebulo, mtunda wa mapazi anayi. A majisitireti akanamva chachiwiricho akanafunsa kuti amabwera ndani, ndipo mlandu sukanatha tsiku limenelo.

Ndinanena m'Chingerezi kuti mboni ikuti ayi, palibe wamuchititsa mantha.

A majisitireti sanalembe msanga. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "A Mwale, wanena zokhazo?" Anali atamva kuti mayiyo wayankhula motalikirapo. Apa ndiye pamene pamandiwawa kwambiri, ana anga, chifukwa Mulungu anandipatsa mpata wachiwiri, woti ndikanangoti pepani bwana, pali china ndasiya. Ndinayankha kuti, "Zokhazo, bwana. Kwinako ndi ulemu chabe wa kuno." Anandikhulupirira. Anaweramira pa pepala n'kulemba bodza langa ndi dzanja lawo loona.

M'chipindamo munali anthu oposa makumi atatu amene anamva Chitumbuka cha NyaMoyo, ndipo angapo mwa iwo ankamva Chingerezi. Palibe anatsokomola n'komwe. Mlandu unathetsedwa kuti anthu ayanjana. Kapitawo anatuluka akumanga batani la jekete. NyaMoyo anatsika m'bokosi, anamugwira mwamuna wake pa mkono, ndipo podutsa pamene ndinaima sanandiyang'ane. Panja a Chipewa sanabwere kudzandithokoza, ndipo kwathu sanapondekonso mpaka imfa yawo. Pobwerera ku boma a majisitireti anandigawira chimanga chootcha m'galimoto, n'kunena kuti mlandu uja sunawakhalire bwino mumtima koma sangakakamize mboni. Chimangacho ndinachigwira m'manja mpaka tinafika.

Zaka zotsatira

Ndinamva kuti fodya atagulitsidwa, banja la Lufeyo linauzidwa kuti lichoke pa esiteti. Sindinafunse kuti linalowera kuti. Mayi anu anaona kuti ndasintha, kudya kunachepa, ndipo ndinayamba kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Atandifunsa ndinati ndi ntchito. Anamwalira osaidziwa nkhaniyi, ndipo zimenezonso zimandichititsa manyazi.

A majisitireti aja posamutsidwa analemba kalata yondiyamikira, yoti sanagwirepo ntchito ndi womasulira wokhulupirika ngati ine. Kalatayo inandithandiza kukwezedwa. Kenako anayamba kundipatsa achinyamata olembedwa kumene kuti ndiziwaphunzitsa, ndipo amene anadutsa m'manja mwanga angakuuzeni kuti ndinali wovuta. Munthu akadumpha liwu limodzi ndinkamubwereza mpaka thukuta. Ndinkawaimika pafupi ndi bokosi la mboni n'kuwauza za paipi. Ndinkawalembetsa liwu lija m'makope awo, pamodzi ndi galu wogona pakhomo, ndipo ndinkalifotokoza bwino kuposa a Soko eni ake. Mtsikana wina wochenjera anandifunsa tsiku lina kuti, "Bwana, nanga galuyo akagona pakhomo la womasulira, amatani?" Ndinamuuza kuti asamafunse zopanda pake, atsegule tsamba lotsatira.

A Soko ndinakawaona kamodzi ku Manyamula akudwala. Ndinapita ndi mtima woti ndiwauze. Anandigwira dzanja n'kunena kuti amamva mbiri yanga yabwino ndipo amanyadira. Ndinakamba nawo za njinga yawo yakale n'kubwerako.

Chaka chatha

Ndinkapita ku Kasungu kukaona manda a mayi anu. Basi inaima pa Jenda, ndipo ndinatsika kuti ndiwongole miyendo. M'mbali mwa msewu munali amayi ogulitsa tomato, anyezi ndi mbatata, monga mwa masiku onse. Ndikudutsa ndinamva wina akuti, "Adada a ku khoti." Ndinacheuka. Anali mayi wokalamba, imvi zikuonekera kunsi kwa duku, atakhala pa chidebe kuseri kwa milu ya tomato. Nkhope sindinaizindikire, koma kayang'anidwe kosagwetsa maso kaja ndinakadziwa nthawi yomweyo. Miyendo inafuna kundibweza ku basi. Ndinapita n'kunjuta patsogolo pake, munthu wa tayi, pa matope.

Tinayankhula m'Chitumbuka. Ndimasulira pano, ndipo ulendo uno sindichotsa kanthu. Ndinafunsa za Lufeyo. Anati anamwalira patatha zaka zinayi chichokereni pa esiteti, ndipo khasu sanaligwirenso. Ana anawalera yekha ndi tomato yemweyu. Ananena zimenezi mosadandaula, uku akupukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinayamba kufunafuna poyambira, koma anandidula.

"Chingerezi sindichidziwa, adada," anatero. "Koma makutu ndili nawo. Tsiku lija mawu anga anali aatali, anu anali aafupi. Bwana atakufunsani kachiwiri ndinati tsopano anena. Simunanene."

"Sindinanene, amama," ndinayankha. "Ndinamva zonse, ndipo ndinasiya dala. Ndinakulakwirani inu ndi amuna anu."

Sanati ndakukhululukirani, sanatinso sindikukhululukirani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene nesi amayang'anira bala. Kenako anafunsa funso limene a Soko sanandifunse, a majisitireti sanandifunse, ngakhale mayi anu sanandifunse.

"Kodi kwa inunso ankabwera?"

"Anabwera."

"Kangati?"

"Kamodzi," ndinatero.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuika tomato pamwamba pa mulu. "Kwathu anabwera masabata atatu, tsiku lililonse, ndi Lamulungu lomwe. Ankakhala pa mpando wa Lufeyo, ana anga atawakhazika pa miyendo. Ndinkanjenjemera mpaka madzi kutayika m'kapu." Anapukuta manja pa chitenje. "Koma ine ndinanena."

Basi inaliza hutala, kondakitala akuitana madala a tayi. Ndinadzuka movutikira, mawondo ali matope okhaokha, n'kukakwera basi.

Kope lachikuto chofiira lija lili m'sutikesi, pansi pa bedi langa. Mukadzatsegula pa tsamba la liwu lija mudzapeza galu wa a Soko ndi mizere iwiri ya inki yakale. M'munsi mwake, ndi inki yatsopano, ndalembamo ziganizo ziwiri za NyaMoyo, m'Chitumbuka monga anazinenera, ndi m'Chingerezi monga ndinayenera kuzinenera. Setifiketi ya pabalaza mudzachite nayo zimene mukufuna, koma tsamba limenelo musadzaling'ambe.